Mbale ya Salufeti pa Tiyi wa Malemu

Mpaka lero alamu anga a Jafali akabwera kudzationa, ndikati nditereke tiyi amati angomwa madzi. Mlandu wake ndi wanga.

Malemu amuna anga anagwirapo ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo. Pobwerera kuno ku Lirangwe anatenga mbande zisanu n'kudzala kuseri kwa bafa, kumene madzi osamba amathera (dzuwa la kuno silimvera tiyi chisoni). Feteleza wa salufeti ankathira ndi kachitsekero ka botolo, kamodzi pa mtengo. Ine ndinkati n'kuumira chabe, poti bambowo ngakhale shuga ankachita kubisa.

Atamwalira, abale awo anati adzazula mitengoyo akadzale kwawo ku Madziabango, ati mkazi sangaisamale. Ndinakana, n'kulonjeza kuti pa sadaka ya chaka adzamwa tiyi wa mitengo yomweyo.

Mvula itagwa ndinamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, poti masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika, n'kukagula salufeti. Mtengo uliwonse ndinaupatsa mbale ya ndiwo yodzaza. Masamba anaphuka aakulu ngati a mpiru, anthu odutsa n'kumayamikira. Nditamva kuyamikirako ndinathiranso (malemu andikhululukire). Ndinathyola dengu lathunthu, kusinja mumtondo, kuvundikira mpaka afiire, n'kuyanika monga ankachitira eni ake. Kulawa sindinalawe, ndinkati alendo ndiwo ayambe.

Tsiku la sadaka a Jafali, amene anagwira ntchito limodzi ndi malemu ku Thyolo, ndiwo anayamba kumwa. Anasuzumira m'kapu kanthawi ndithu.

"Mlamu, madzi otentha tamwa, zikomo. Nanga tiyiyo afika nthawi yanji?"

Ngakhale ashehe anabisa nkhope kuseri kwa kapu. A Jafali anandifotokozera kuti feteleza akachuluka tsamba limachulukadi, koma limakhala la madzi okhaokha, fungo ndi kukoma zimathawa. Kenaka anatenga khasu kulowera kuseri kwa bafa kuti akazule mitengo ija, ine pambuyo. Anaima, kuyang'ana mitengo, kuyang'ananso njinga yawo.

"Mwainenepetsa dala eti? Iyi ndiye njinga siinganyamule."

Anatola kachitsekero pansi, kundiika m'manja, n'kubwerera kukadya mpunga.

Mitengo ya amuna anga ikadalipo kuseri kwa bafa, ndipo masiku ano ndimathira ndi kachitsekeroko. Kungoti ndikayang'ana uku ndi uku n'kuona kuti palibe munthu, ndimawonjezerako kachiwiri.