Mmene ndinakhalira pa mpando wa NyaZimba

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti ku Mphamba konse akuidziwa kale, bola muimve kwa ine mwini manyazi.

Ine ndine Tembo, mphunzitsi wa masamu, bambo wa ndevu zanga, mawu ngati ng'oma. Koma mukafika ku Mphamba n'kufunsa za a Tembo, anthu angoyang'anana. Mukati mukufuna NyaZimba, akulozerani ine. Inde, dzina la mzimayi! Ndipo ndimavomera.

Ndinachokera ku Chipata kudzaphunzitsa ku boma la Lundazi. Kunoko ndinapeza Agnes, nesi, mwana wa a Mtonga a ku Mphamba. Iye ndi Mkatolika wa m'magazi. Ine ndinakulira mu mpingo umene popemphera timangotsinzina n'kunena zakukhosi. Kolona ndinkangoiona ikulendewera pagalasi la minibasi, mwinanso m'manja mwa Agnes akamapemphera chamumtima. Amayi ake sindinawaone, anamwalira tisanadziwane.

Titatha chaka m'banja, Agnes anatumizidwa ku kosi ya masabata atatu ku Chipata. Akukwera basi anandigwira dzanja.

"A Tembo, muzikawaona adada. Akhala okha, ndipo chinthu chikawavuta sakamba."

"Usade nkhawa," ndinatero, chifuwa patsogolo. "Nizawasamala ngati dzila."

Lolemba nditaweruka ndinapalasa njinga mpaka kumudzi. Ndinafika cha m'ma 17 awazi, ndiye kuti 5 koloko madzulo. Apongozi anga anali pansi pa mtengo wa mango, kumbuyo kwa chigafa cha fodya, kolona ili m'manja. Pambali pawo panali mpando wina wopanda munthu, ndipo pa mpandopo panali kolona ina ya mikanda yobiriwira. Mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi, choncho ndinanjuta patali pa chitsa, kudikira kuti amalize.

Anayamba ndi mawu abwinobwino, m'Chinyanja chimene anaphunzirira mapemphero ali mnyamata: "Tikuoneni Maliya..." Anapita, anapita, kufika pa dzina la Yesu. Kenako zii!

Maso pansi, milomo yosagwedezeka. Ndinawerenga mumtima, mphunzitsi wa masamu ine: masekondi khumi ndi awiri. Kenako chala chinasuntha mkanda umodzi, n'kuyambiranso pachiyambi. Kufika pomwe paja, ziinso!

Pomaliza anatembenukira ku mpando wopanda munthu uja, namwetulira, nati, "Yewo." Kuthokoza mpando!

"Monile, a mkweni," anatero m'chinenero chakwawo atandiona. "Mwatandala uli?"

"Makola, adada," ndinayankha, koma mtima unali utayamba kale kuchita masamu ake.

M'mawa mwake ndinapita pa msika wa Lundazi n'kugula kabuku ka mapemphero a Akatolika. Ndinakatsegula pomwepo. Pemphero lija lili ndi mbali ina yonse kumapeto! Apongozi anga ankangonena theka. Theka linalo, loyamba ndi "Maliya Woyera", silinkatuluka m'kamwa mwawo ngakhale kamodzi.

Ife aphunzitsi tili ndi matenda athu. Mwana akaima pakati pa chiganizo, sitiganiza china: waiwala basi.

Lachitatu ndinabwereranso, kabuku m'thumba. Ndinawerenga ndi zala. Kopitirira makumi asanu anaima pamalo amodzimodzi! Ngakhale pa "Atate athu" anangofika pakati n'kusiya. Atamaliza kuthokoza mpando wawo, ndinaganiza zowapatsa katesiti.

"Adada, lelo ni pachingati?"

"Pachitatu. Ku sukulu kwanu kulibe kalenda?"

"Iliko. Nanga ng'ombe zanu muzidziwa zonse?"

Anazitchula zonse mayina, thole lililonse ndi mayi wake, mpaka imene inathyoka mwendo chaka cha dzana. Kenako anandiyang'ana cham'mbali.

"A mkweni, mufuna kugula, olo mufuna kuba?"

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Koma ine ndinali nditagamula kale mlandu. Ndinati matenda oiwalaiwala amatero, amayamba ndi malo amodzi ngati chiswe pa nsichi.

Agnes sindinamuuze. Ndinati munthu ali ndi mayeso, ndisamusokoneze. M'malo mwake ndinaimbira mlamu wanga Fred, mchimwene wake wa ku Lusaka. Ndipo poti ndinkafuna kumveka ngati dokotala, za kolona sindinatchule n'komwe. Ndinangonena zizindikiro.

"Mlamu, adada sali bwino. Akamakamba, aima pakati pa mau, angoti duu. Atulutsa mipando iwili ali okha. Ndiponso akamba na mpando!"

"Na mpando?" Fred anakuwa. "Nakhala nikukamba ine kuti mudala sangakhale yekha kumudzi! Pa Satade nibwela na motoka. Azakhala kuno ku Lusaka, basi!"

Ndinadula foni ndikudzimva ngati ngwazi.

Lachinayi ndinawapeza atakhala pakhonde, foni yawo yaing'ono ili pa bondo. Nkhope inali itagwa. Moni anayankha ndi mutu wokha.

"Fred ati abwela kunitenga," anatero. "Ati nadwala. Ine sinidziwa kuti nadwala chani." Anayang'ana ku khola, kenako kuseri kwa munda, kumene kuli manda. "Lusaka... Nanga anyina Agnes nizawasiila ndani?"

Pamenepo mtima unandipweteka zedi. Sindinkafuna kuti achotsedwe pamudzi pawo. Ndinkawakonda madala aja, ndipo ndimawakondabe. Koma m'malo moulula kuti woimba foni ndi ine, mutu wanga wauphunzitsi unabala nzeru ina. Ndinati ndikawakumbutsa theka loiwalika lija Loweruka lisanafike, Fred adzawapeza ali bwinobwino n'kuwasiya. Riviishoni basi!

Ndinaloweza pempherolo ngati mwana wa giredi seveni. Pa njinga ndikunena, mu sitafurumu ndikunena, mpaka mphunzitsi mnzanga anandifunsa ngati ndalowa Chikatolika mwakabisira.

Lachisanu, 17 awazi yeniyeni, ndinafika. Apongozi anali atayamba kale. Ndinatsamiritsa njinga, ndinakoka mpweya, n'kuchita chimene mkamwini aliyense wolongosoka sangachite. Ndinayenda molunjika, ndinanyamula kolona yobiriwira ija, n'kukhala pa mpando uja, phewa ndi phewa ndi apongozi anga.

Anandiyang'ana. Ndinawayang'ana. Anabweza maso pansi n'kupitiriza, kufika pa dzina la Yesu. Zii.

Ine ndiye ndinatsegula kukhosi, mawu a pa asembule: "MA-LI-YA WO-YE-LA! A-MA-YI A MU-LU-NGU!"

Nkhuku zinabalalika! Galu anadzuka n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. A NyaBanda, mayi woyandikana nawo nyumba amene ankapeta nshawa pabwalo pake, anaima lichero lili m'mwamba.

"Nenani pambuyo panga, adada," ndinanong'oneza. "Musaope. Ma-li-ya..."

Sananene. Anangosuntha mkanda n'kuyamba china. Ndinati chabwino, mwana wamanyazi amayamba wamvetsera kaye. Ndinayankhanso. Ndinayankhanso. Pofika mkanda wa khumi ndinali nditapeza giya, ndikuthamanga ngati kondakitala woitanira anthu a ku Chipata.

Ndikuponya diso, ndinaona a NyaBanda aitana mnzawo. Awiriwo anaima kumpanda, nsalu kukamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinati akhudzidwa ndi chikondi cha mkamwini.

Pakati pa kolona, mawu a apongozi anayamba kunjenjemera. Msozi unatsika n'kulowa mu ndevu zawo zoyera. Mumtima ndinati: eya, zikubwerera! Ndinawonjezera voliyumu.

Tinafika kumapeto. Anapsompsona kamtanda. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Yewo," anatero. Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "A mkweni, mpando mwakhalapo uwo muudziwa mwini wake?"

"Nimayesa... mwaikila alendo, adada."

"Ni wa NyaZimba, anyina Agnes. Na kolona mwagwila iyo ni yake."

Mikanda ija inayamba kutentha m'manja mwanga.

"Kolona ya anthu awili ili ngati kupalasa mzele umodzi," anapitiriza mofatsa. "Wina ayamba, wina amaliza. Zaka fote, pansi pa mango uyu, ine kuyamba, iye kuyankha. Tsiku lililonse, olo takangana. Manje iye anapita. Niziti nimulande mbali yake? Yayi. Nikafika paja, nimakhala chete kuti anene. Nimamumva makola chomene. Sathamanga, amakoka pa 'ife ochimwa' ngati akamba za ine nekha."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinayamba kudzuka pa mpando. Ndinayesa kuika kolona pansi, ndinaona kuti pansi m'posayenera. Ndinangotsala chogwada, theka pa mpando, theka m'malere, kolona m'mwamba ngati ndagwira njoka.

"Adada," ndinatero, mawu a ng'oma aja atasanduka a mwanapiye, "amene anaimbila Fred... ni ine. Nimayesa mwaiwala pemphelo."

Anandiyang'anitsitsa. Ndinadikira kuti andithamangitse pamudzi, mwinanso andilande mwana wawo. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola!

"Ndiye ndimwe dokotala mwanipezela matenda! Ine kudabwa kuti NyaZimba lelo wadya chani? Mau a besi, ndiponso liwilo ngati minibasi yathawa apolisi!"

Kumpanda kuja a NyaBanda anagwetsa lichero, nshawa mbwee!

Atasiya kuseka anandigwira bondo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Khalani pansi, mwana wane. Mwalakwa, inde. Koma nikuuzeni. Zaka ziwili izi mtima unali kumva yankho, koma khutu linali na njala. Lelo ladya. Chakudya chake chosapsa, koma ladya."

Apa ndiye ndinalira ine, bambo wa ndevu zanga, pamaso pa azimayi awiri ndi galu.

Madzulo omwewo ndinaimbira Fred kuti asabwere. Anakana. Anati ndikuwaikira kumbuyo madala. Loweruka masana anafikadi, galimoto ili fumbi lokhalokha, kumbuyo atayala kale matiresi a wodwala. Anawazungulira bambo ake, kuwayang'ana m'maso, kuwafunsa dzina lawo.

"Na iwe wayamba matesiti?" anatero apongozi. "Dikila 17 awazi."

Nthawi itakwana anatulutsa mipando iwiri ija. Fred atangoona kolona yobiriwira, nkhope inasintha. Anavula kapusi. Anakulira pansi pa mango womwewo, ndipo sanafunikire womufotokozera.

"Mlamu," anandinong'oneza, "mpando unali kukamba ni uyu? Bwanji sunakambe kuti ni kolona?"

Ndinayamba kubwerera cham'mbuyo kupita ku chitsa changa, malo oyenera mkamwini.

Apongozi anayamba. Anafika pa dzina la Yesu. Zii. Tonse tinazyolika, kuwapatsa mpata amayi. Masekondi khumi ndi awiri anakwana. Koma chala sichinasunthe mkanda. M'malo mwake anakweza mutu, nayang'ana ku chitsa.

"Yake wamaliza. Manje NyaZimba wachiwili, tikudikila imwe! Koma pachokopachoko, mkazi wanga sanali kondakitala."

A NyaBanda anali pomwepo, ndipo a NyaBanda sasunga nkhani. Pofika Lamulungu, dzina linali litafika kale kutchalitchi.

Fred anabwerera ku Lusaka ndi thumba la nshawa pa matiresi aja. Apongozi anatsala pamudzi pawo, ndi ng'ombe zawo, ndi manda a mkazi wawo. Mpaka lero ndimapita Lachitatu ndi Lachisanu. Mkanda woyamba pa khumi lililonse timawasiyira amayi, ife tili chete. Inayo ndimayankha ine, pang'onopang'ono, ndipo pa "ife ochimwa" ndimakoka, poti ndikudziwa amene akunenedwa.

Agnes atabwera ku kosi, nkhani inamulandirira pa siteshoni ine ndisanatsegule pakamwa. Anatsika basi, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, maso ali ndi misozi, pakamwa pali chiseko. Kenako anagwada pang'ono pamaso pa anthu onse.

"Ninasiya mwamuna," anatero, "napeza amama! Monile, amama!"

Choncho abale, munthu akakhala chete musathamangire kumumalizira mawu, mungadzapezeke mwakwatiwa ndi apongozi anu.