Thobwa la Boma

Lolemba

Thobwa lapsa, mgolo wodzaza. Mawere anga onse athera mmenemu, ndi ambewu omwe. Mawa kusukulu kuli mwambo wobzala mitengo, ndipo a Phiri, alangizi a zankhalango, adanena okha pakhomo pano: "Agogo, thobwa la alendo konzani ndinu, ofesi igula." A Nabanda, aneba anga, akungosuzumira pampanda, nsanje yawagwira pakhosi.

Lachiwiri

Ndikudikira galimoto yodzatenga thobwa, kukufika a Phiri panjinga. Akuti mwambo aimitsa kaye. Ofesi yawo aichotsa ku unduna wakale n'kuiphatika ku wina, ndiye chilolezo chogulira katundu chatsalira ku dzina lakalelo. "Panopa sitingagule ngakhale singano, agogo."

Ndikufunsa. Ofesi yasamuka? Ayi. Mpando? Womwewo. Inuyo? Omwewo. Nanga chasintha n'chiyani? Akuti chidindo.

Chibwerere matipate, maofesiwa angokhalira kusintha mayina ngati wakuba ng'ombe.

Lachitatu

Thobwa layamba tithovu. Ndakwera kabaza mpaka ku Boma kuti ndikaone chidindocho ndi maso anga.

Chitseko choyamba: pitani ku Asembule, zonse zili kumeneko tsopano.
Ku Asembule: komiti yogula zinthu sinavomerezedwe ndi a ku Lilongwe.
Wapampando wake: ali ku semina yophunzira kagulidwe ka zinthu. Kaya kumeneko akudya zogulidwa ndi yani.

Mayi wa pataipi, milomo psuu, akuti: "Kampani yanu dzina lake ndi chiyani?" Kampani yanga ndi mgolo ndi mthiko, mwanawe. Akutinso pafunika ogulitsa atatu opikisana. Kwathu odziwa thobwa tidalipo atatudi: ine, a Nabanda amene lawo ndi madzi otsukira mphika, ndi malemu a Nasimango. Ndikawadzutse?

Lachinayi

Mgolo ukulankhula wokha, bwatabwata. Fungo lafika kumsewu. Azibambo amene sanandipatsepo moni chaka chino akudutsa kawirikawiri: "Mwaswera bwanji, agogo? Msana uja bwanji?" Msana wanga mwaudziwa liti?

Thobwa likusanduka mowa. Ine ndine mtsogoleri wa amayi kumpingo. Chibatizidwire sindinafululepo mowa, ndipo amene amadzudzula ofulula ndine. Ndikuti ndipite nalo kumsika wa ku Kamwendo ndikagulitse lisanapitirire, a Phiri atumiza mawu: "Musakhudze, ndi katundu wa boma. Fakisi ya chilolezo ikubwera."

Katundu wa boma amene boma silingathe kugula.

Lachisanu

Fakisi kulibe. Akuti makina ake adapita ndi unduna wakale.

Ndavindikira mgolo ndi chiguduli, bulangete ndi chitseko cha khola. Madzulo atulukira a Zulu, mkulu wa mpingo, akuti akungodutsa. Mphuno m'mwamba ngati mbuzi yamva madeya. "Amayi, kodi kuno kuli chiyani?" Ndikuwafotokozera za unduna, chidindo ndi komiti. Akugwedeza mutu. "Zimenezi sindinamvepo. Ena amangoti ndi mankhwala a m'mimba."

A Nabanda akutsokomola kuseri kwa mpanda.

Loweruka

Chilolezo chatuluka! A Phiri afika ndi anzawo awiri a komiti, akuti lamulo latsopano likufuna katundu ayesedwe asanagulidwe. Chikho choyamba. Akuyang'anana. "Agogo, uwu ndi mowa. Boma siligula mowa."

Ndauputa ndine kapena ndinu?

Akuti kuti atsimikize, ayesenso. Ayesa. Ayesanso. Dzuwa likupendeka, komiti yavula nsapato, ikuimba nyimbo ya chipani chakale pansi pa mango wanga. Azibambo a moni aja nawo alowa komiti. A Nabanda ndawaona ndi maso angawa akuthamangira kwa a Zulu, chitenje m'manja, munthu amene amati miyendo imamuvuta.

Lamulungu

Andiimitsa utsogoleri mpaka akulu a mpingo adzakhale pansi. Bulauzi yoyera ili m'sutikesi. Ndakhala benchi yakumbuyo, pakati pa amitala. Nyimbo akuyambitsa ndi a Nabanda, mawu ngati chitseko cha dzimbiri.

Potuluka ndikufunsa a Zulu kuti mlandu wanga ukambidwa liti. Akuti sakudziwa, chifukwa mpingo wathu augawa pawiri, ndiye sizinadziwike kuti oyenera kundiweruza ndi ati.

Mgolo ndatsuka, ndauvundikira. A Phiri atumizanso mawu kuti mwambo uja ulipo Lachiwiri, ndikonze thobwa lina. Ndawauza apite kwa a Nabanda.