Kapepala ka Switi pa Tawa Yanu

Kwa Bwana Wamkulu Woyang'anira Nyali,
Kampani ya Mafoni ya Tikumveni.

Bwana, ndagwada. Ndine Millicent, mkazi wa malemu Jacob, wa kuno ku Domasi, kuseri kwa Mishoni. Kusukulu ndinangodutsako popita kumtsinje, ndiye akundilembera ndi a Scholastica, mlembi wa mvano. Lembani zonse mayi, musandikongoletsere.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tawa yanu ija munaimika kumapeto kwa munda wanga. Mthunzi wake mbuzi zimaukonda. Pakhomo pa kanyumba kake munaikapo nyali: yobiriwira, netiweki ili moyo, yofiira, yadwala. Magetsi akathima, mabatire n'kutha, alamu inkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Anthu ankadandaula, ine ayi. Timizere ta pafoni sinditiona, maso anatha. Alamuyo ikalira ndinkadziwa kuti basi, nyamula ndodo, pita ku Songani komwe kuli netiweki ukamuimbire Fyness.

Fyness ndi mwana wanga, ali ku Ndirande. Amandiimbira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, kuti amve ngati ndikupuma.

Chachiwiri, zikomo potitumizira dokotala wanu wa mawaya, a Lazaro. Munthu waulemu, anandipatsa moni wa manja awiri. Anandiuza kuti kwanuko muli ndi chikompyuta chachikulu, tawa iliyonse ili ndi kanyali kake, ndipo yathuyi ikafiira inu mumawakalipira. Mabatire atsopano akuti anapempha mpaka pakamwa kuuma. Ndiye anachita zanzeru. Analumikiza tiwaya tiwiri, alamu n'kukhala chete, kwanuko n'kubiriwira. Nyali ya pakhomoyo inakanabe, ili psuu, ndiye anaimata kapepala kobiriwira ka switi. Switiyo anandipatsa ine. Inali yokoma, bwana.

Ine ndalera ana, ndadwazika mwamuna mpaka kumuika. Sindinadziwe kuti wodwala akamabuula, mankhwala ake n'kumutseka pakamwa. Ndikanadziwa, bwenzi a Jacob ali bwinobwino mpaka lero.

Chachitatu. Ayi, dikirani, chachiwiri chomwecho sichinathe. Chichirireni tawa yanu, Lamulungu ndimakhala pakhonde, foni pamiyendo ngati khanda, osadziwa kuti yafa kalekale. Ine kuno ndikuti mwana wandiiwala. Iye uko akuimba, akumva kamayi kanu kaja kakuti nambalayi siikupezeka. Sabata yatha anatsika minibasi akulira kuyambira kumsewu, chitenje cha maliro chili m'chikwama. Anandipeza ndikukazinga chimanga. M'malo mosangalala anakwiya.

Tsono wanena kuti Lamulungu likubwerali foni ikakanikanso, abwera ndi galimoto kudzandinyamula. Ku Ndirande, bwana! Kachipinda koyang'anana ndi bafa la anthu ena. Mbuzi zanga agulitsa, munda alima ena, manda a amuna anga amera tchire. Ine ndinabadwira muno, ndipo maliro anga ndikufuna adzaimbe a mvano omwewa, amene ndikuwadziwa kuti uyu amayambitsa nyimbo pamwamba.

Fyness anayesa kukuimbirani. Mwana wanu wa pafoni anamuyankha mokoma kuti ku Domasi kulibe vuto, pakompyuta pakuoneka pobiriwira. Ndiye ndine ndani ine, wosadziwa ngakhale A, kuti nditsutse kompyuta? Mwina netiweki ilipodi, koma imandidutsa poona kuti sindinaphunzire.

A Lazaro musawachotse ntchito, chonde. Anangoona kuti bwana wawo sakonda kumva kulira, n'kumuchitira zomwe amakonda. Ana aulemu amatero.

Pempho langa ndi laling'ono. Mabatire sindikupempha, ndinamva kuti ndi nkhani ya akuluakulu. Mungotibwezera kulira kuja lisanafike Lamulungu, tawa izinena yokha ikadwala, ine ndizinyamuka ndi ndodo yanga. Zikakuvutani, musadandaule. Fyness akanditenga n'kukafera ku Ndirande, mudzatumize a Lazaro adzandimate kapepala kobiriwira pamphumi. Abale akamafunsa, muzidzawauza kuti gogo ali bwinobwino, kompyuta yatero.

Ine wanu wogwada, mlonda wa mbuzi za pansi pa tawa,

Millicent Jacob.
Chala changa ndadinda apa. Inkiyo ndi yofiira, pepani, yobiriwira tinaisowa.