Phala la Misere ya M'chitini Chofiira

Munthu akandiuzanso kuti phala la misere limapatsa mphamvu, tidzamenyana.

Nditasiya sukulu mu Fomu 2, ndinapita kukakhala kwa achemwali anga ku Kasisi. Alamu anandipezera mwayi woyesedwa ntchito yodula nzimbe. Anandiuza kuti kapitawo amaona tsiku loyamba lokha: ukamaliza mzere wako walembedwa, ukalephera bwerera kwanu.

"Udye phala la misere usanapite," anatero achemwali. "Tiyi wa mandasi sakufikitsa masana. Misere ili kuseri kwa chitseko."

Mmawa ndinapeza zitini ziwiri. M'choyera munali misere wamba. M'chofiira munali misere yosakaniza ndi tizinthu tina, ikununkhira nsomba. Ndinati eya, anthu awa zabwino amandibisira (ine kukayikira abale ndi khalidwe langa). Ndinaphika yofiirayo. Mano ankakumana ndi tolimba, koma ndinati ndiwo mavitaminiwo. Ndinamaliza mphika wonse.

Kumunda ndinayamba ngati makina. Amene ankadula pafupi nane ndinawasiya kumbuyo. Dzuwa litakwera, m'mimba munalira ngati galimoto ya nzimbe ikukwera mlatho. Ndinaima. Munaliranso.

Inu amene simunadulepo nzimbe dziwani kuti munda amayamba autentha. Masamba onse amapsa, n'kutsala mitengo yakuda yoti munthu amakuona ali kutsidya. Pobisala palibe. Ndinathamangira ku ngalande, koma ndinapeza amayi akuchapa. Ndinabwerera, ndinadulako pang'ono, ndinathamanganso.

"Iwe mphale," anandiitana kapitawo (kwa Asena mphale ndi mnyamata, ngakhale nthawiyo ndinalidi ngati chimanga chokonoledwa). "Wabwera kudzadula kapena kudzathira manyowa?"

"Bwana, ndi m'mimba."

"Ndaona. Tonse taona. Siya chikwanje apo."

Ndinafika kunyumba n'kupeza alamu atanyamula chitini chofiira, akuyang'ana m'kati ngati muli maliro.

"Alamu, mwadya chakudya cha anapiye anga?" anandifunsa.

"Cha chiyani?"

"Anapiye. Muli fumbi la usipa, zigoba za mazira, ndi mankhwala a njoka zam'mimba amene ndinathira dzulo."

Ndinakhala pansi pomwepo. Achemwali anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndimayembekezera kuti wina afunsa ngati ndipulumuke, kapena za ntchito ija. Alamu anangogwedeza chitini.

"Ndiye anapiyewa adya chiyani?"

Ntchito anapatsidwa mnyamata wina wa ku Makhanga, amene ndikumva kuti anangomwa madzi tsikulo. Ine ndidakali pakhomo, ndipo udindo wodyetsa nkhuku anandipatsa ine, poti ati kakomedwe ka chakudya cha nkhukuzo ndikukadziwa. Chondipweteka n'chakuti sakunama. Phala la m'chitini choyera ndimadya mmawa uliwonse, koma silifikapo.