Diso la M'mbali mwa Zenera

Mpaka lero mkazi wanga akaona ndikuyang'anitsitsa zenera la eni ake amanditsina. Ali ndi zifukwa zake, ndipo ine sinditsutsa.

Tinali titangolowa m'nyumba yathu ya njerwa zootcha cha ku Bembeke, zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanatsokomole. Mafelemu a mazenera ndinapangitsa ndi matabwa a paini aawisi. Atauma anafota, n'kusiya mipata m'mbali yoti dzanja n'kulowa. Ndiye mukuidziwa mphepo ya ku Dedza mwezi wa Juni, siodira. Khanda lathu, Rozina, linayamba chimfine.

"Bambo a Rozina, kaitaneni amisiri adzamate mipatayi," anatero mayi ake.

Ndinakana. Amisiri a chiyani pa kantchito ka ola limodzi? (Dziwani kuti chibadwire ndinali ndisanamatepo ngakhale khola la nkhunda.) Aphunzitsi ena anandipatsa mulu wa nyuzipepala zakale, amvekere pepala limatchinga mphepo kuposa bulangete. Ndinazikwinya n'kuzikanikizira m'mipata monse ndi kamtengo, osayang'ana n'komwe zomwe zinali pamenepo. Pamwamba ndinamata dongo, n'kusalaza ndi supuni ya kukhitchini. Mchenga sindinasakanize (palibe anandiuza, komanso sindinafunse). Pomaliza ndinapaka laimu. Kunena zoona panakongola, moti ndinkaimitsa anthu odutsa kuti adzaone.

Patatha masiku anayi dongo lija linayamba kung'aluka. Ndinati ndikonza Lolemba.

Loweruka masana kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu kudzaona mwana. Anali bambo osaseka, ndipo aliyense ankadziwa kuti mawu awo amodzi ankatha kumusowetsa munthu pamudzi. Tinawakhazika pampando wabwino, woyang'ana zenera lomwelo. Tiyi akuthiridwa, ndinangomva kuti phwa, chibuma chagwa. Kucheuka, ndinaona diso. Diso limodzi ndi khutu, zokwinyikakwinyika, matope okhaokha. Inali nkhope ya mwini dziko, ija inkapachikidwa m'maofesi monse, ine nditaikanikizira m'khoma ngati chiguduli.

Ndinalumpha n'kukatsamira pamenepo ndi msana wonse.

"Khalani pansi, bambo, timwere limodzi," anatero a tcheyamani.

"Ayi zikomo, ine tiyi ndimamwa choimirira. Amatsika bwino."

Anandiyang'ana, n'kupitiriza. Anamwa makapu atatu. Anafotokoza za mbatata, za feteleza, za mlamu wawo wa ku Kasina amene ng'ombe inamuthyola mwendo. Nthawi yonseyi mphepo ikundibaya pamsana, laimu akundimata pajekete yanga ya kutchalitchi. Rozina atalira, mayi ake ali ndi ketulo m'manja anati, "Tamunyamulani mwanayo." Ndinayankha kuti kulira kumakulitsa mapapo. Diso limene anandiponyera ndimalikumbukirabe kuposa la m'khoma lija.

Kenaka a tcheyamani anatsanzika, ndipo apa ndi pamene nzeru zinandithera. Mlendo wamkulu chonchija sungamusiye atuluke yekha, uyenera kumuperekeza. Ndinachoka pazenera paja pang'onopang'ono ngati ndikutsika mumtengo. Iwo anaima, anayang'ana pamene ndinachokapo, n'kuvala chipewa chawo.

Tinayenda mpaka pa mtanda wa panjira. Ine mumtima ndinali nditatsanzika kale mkazi, mwana ndi mbuzi zanga ziwiri. Ndinaopa, abale, mantha enieni.

"Pepala limatchingadi mphepo," anatero mwapansipansi, akuyang'ana kuphiri. "Kwanganso ndinaika. Koma umayamba wadula chithunzi ndi lumo n'kuchisunga bwino m'sutikesi. Ndipo dongo limafuna mchenga."

Ndinangoti, "Zikomo bambo."

"Lero maso akundivuta, sindinaone kanthu. Mawa ndidutsanso pochokera ku Misa, ndipo Lamulungu ndimaona bwino kwambiri."

Ndinabwerera chothamanga n'kugumula mazenera onse atatu. Nkhope zinatulukamo zisanu ndi ziwiri. Mayi a Rozina anaziwongola ndi simbi yamakala, ndipo m'mawa a tcheyamani anapeza mipata ili yasa, yoyera, mphepo ikuyenda mwaufulu. Lolemba kunabwera amisiri aja ndinawakana, ndi mchenga wawo pa wilibala.

Chimfine cha Rozina chinatha sabata yomweyo. Changa, cholowera kumsana, chinandigoneka masabata awiri. Ndimanenabe kuti nzeru ya mapepala inali yabwino, koma ndimanena mkazi wanga akakhala kumunda.