Chithunzi cha Nyumba Yaitali

Lolemba, 14 Julaye

Alamu anga a Fanuel afika ku China kokaoda katundu. Tsiku limodzi lokha, chithunzi chili kale pa gulu la banja: iwo, jekete, kumbuyo nsanja yoboola mitambo. Ine zaka 2, miyezi 5, masiku 11 ndikuphikira Madamu kuno ku Runda, mu Nairobi. Zithunzi zanga: mpanda wamaluwa, sinki, galu.

Akazi anga, Mayi a Tadala, alemba: "Anthu akuti muli pa Mzuzu pompa ndi mkazi wina. Pofika Lamulungu ndione nyumba yaitali ya ku Nairobi ija timaiona pa TV, inu mutaima patsogolo. Apo ayi, nkhani ndikaitula kwa ankhoswe."

Zosavuta. Ndimapuma 2 koloko mpaka 5, mphindi 180. Kupita m'tauni 40, kujambula 10, kubwerera 40. Zotsala 90. N'kumwa tiyi komwe.

Lachiwiri, 15 Julaye

Ndakwera matatu, minibasi za kuno. Jamu! Mphindi 70 tili pamodzimodzi. Wogulitsa nthochi watidutsa katatu, ulendo wachitatu dengu lopanda kanthu. Kondakitala akuti, "Pole pole, mzee," ati pang'onopang'ono, mdala. Ngati ndine ndikuyendetsa. Ndabwerera wapansi.

Lachitatu, 16 Julaye

Lero njinga yamoto. Imalowa paliponse, bondo langa ndi limene sililowa: lapinda galasi la galimoto ya munthu. Kukambirana mphindi 52, m'Chiswahili, ine ndikungovomera.

A Fanuel: "Jamu kunonso iliko mlamu, koma ife timadutsa pansi pa nthaka pa sitima." Zikomo kwambiri, a mfuko.

Lachinayi, 17 Julaye

Nzeru zabwera. Ku Ruaka, pafupi pompa, kuli nyumba yosanja kasanu ndi katatu. Ndajambula ndili chogwada kuti italike.

Yankho la Mayi a Tadala lafika m'mphindi 3: "Ya pa TV ija ilibe matewera pakhonde."

Lachisanu, 18 Julaye

Matatu kachiwiri. Nyumbayo ndaiona! Patali, kukula ngati chala. Mphindi 110 osasuntha. Mayi wina wapambali panga wagona tulo, sindikumudzutsa, ndinaleredwa bwino. Ndadzijambula, galimoto mbwee pawindo, ndatumiza kwa Mayi a Tadala kuti aone kuti ndikuyesetsa.

Ndachedwa ndi mphindi 47. Madamu adya buledi.

Loweruka, 19 Julaye

Alendo 14, kutuluka kulibe. Uthenga wanga wadzulo auwerenga 6:02. Chete. Mwina akundimvera chisoni.

Lamulungu, 20 Julaye

Msewu uli mbee! Mphindi 24 ndafika. Kodi galimoto zonse zija nazo zimapita kutchalitchi? Ndaima bwinobwino, kolala wowongoka, nyumba yonse yalowa mpaka kumutu.

Ndisanatumize, uthenga walowa: "Bambo a Tadala, nyumbayo isiyeni. Takhulupirira, Mzuzu ilibe galimoto zochuluka chonchi. Tsopano mutiuze, wagona paphewa panuyo ndani?"

Ndabwerera ku chithunzi cha Lachisanu. Alipo ndithu. Mutu paphewa panga, pakamwa yasa, mtendere wonse. Dzina sindilidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anagona mphindi 80.

Ankhoswe akumana Lachitatu, 23 Julaye, 10 koloko. Kumudzi kulibe jamu, afika pa nthawi yake.

Chithunzi cha nyumba chatuluka bwino. Ndamuonetsa galu.