Msokera ndi Nyumba Yothawira Tsoka

Mwambi umene mwafunsawu chiyambi chake n'chotere, ana inu. Mwati kusukulu mukuphunzira masewero a Agiriki akale, momwe munthu wamkulu amauzidwa tsoka lake lisanafike, iye n'kuthawa, kuthawako n'kukhala njira yomufikitsa pa tsokalo. Ife kuno tinali naye wathu wotere, kungoti wathuyu anthu sanamulire, anamuseka.

Dzina lake anali Msokera, mmisiri womanga nyumba, mkamwini pamudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe. Ntchito ankaidziwa, pasakhale wonama. Akazika nsichi inkaima ngati yamera pomwepo, akafolera denga mvula inkagwa zaka zisanu osadontha. Chaka china chimphepo chinasasula madenga mudzi wonse, koma nyumba zomanga iye zinangoti chilili, udzu wake osasuntha ndi umodzi womwe. Kuyambira pamenepo pamowa ankamupatsa mpando ngakhale akuluakulu ali pamphasa. Ndipo kuyambira pomwepo makutu ake anatsekeka. Munthu akangoyamba kumuuza kanthu, kaya za mbewu, kaya za mankhwala a mutu, kaya njira ya kumudzi komwe sanapondeko, iye ankamudula pakamwa ndi mawu awiri: "Ndadziwa kale." Anawanena mpaka mawuwo anameza dzina lake lenileni.

Mmawa wina m'chilimwe mkazi wake Nangondo, akusesa pabwalo, anapeza nanzikambe akukumba pansi pafupi ndi khonde. Anataya tsache n'kukauza mwamuna wake kuti awa ndi malodza, ndipo apite kutsidya kwa a Chiphiko, mkulu woombeza maula. Msokera anakana masiku awiri. Tsiku lachitatu anavomera, ati akungofuna kukaona mmene nyumba ya a Chiphiko inapendamira.

A Chiphiko anaombeza kawiri. Kenaka anayang'ana Msokera m'maso.

"Ndikuona nyumba yomanga inu nomwe, bambo. Ndikuona amuna anayi akukutulutsanimo, miyendo patsogolo. Mvula ya chaka chino ikhala isanagwe."

Nangondo anagwira pakamwa, pakuti aliyense amadziwa amene amatuluka m'nyumba miyendo patsogolo atagwiridwa ndi anthu anayi. Anayamba kufunsa ngati pali nsembe yoti athire kapena choti asale, a Chiphiko nawo anakonza pakhosi kuti ayankhe, koma Msokera anali ataimirira kale, akusasa fumbi kumbuyo. Ananena mawu ake aja n'kutuluka.

Musaganize kuti sanaope. Powoloka mtsinje anaphonya mwala womwe ankapondapo nthawi zonse. Koma Msokera anali munthu amene chinthu chikamuvuta amachiyeza ndi maso ngati mtengo woti audule. Anayamba kuganiza. Kuti munthu atulutsidwe m'nyumba pamafunika chiyani? Khomo. Nanga khomo kulibe, amuna anayiwo adzera pati? Ataganiza zimenezi anaima pakati pa njira n'kuseka yekha. Anaona kuti maula a Chiphiko anaiwala kuti akulankhula ndi mmisiri.

Mawa lake anayamba kudula mitengo. Anazika nsichi mozungulira, zothithikana ngati mano a chipeso, osasiya mpata ndi pang'ono pomwe. Madoda amene ankasewera bawo pansi pa mkuyu tsiku lonse anayamba kuyang'ana kumeneko kuposa pabawo. Mmodzi anamufuulira kuti waiwala khomo, wina anati munthu samangira tsoka mpanda chifukwa tsoka silidzera pachipata, wina anangopukusa mutu n'kunena kuti mtengo wautali ndiwo mphepo imayamba kuupeza. Onsewa analandira yankho limodzi.

Anamanga mbariro ndi luzi, anamata dothi kunja ndi mkati, kawiri konse, khoma lochindikala ngati chulu. Anakweza denga labwino kwambiri mwa onse amene anafolerapo, ndipo pamwamba penipeni, pafupi ndi mzati, anasiya kabowo kokwana munthu mmodzi, kokhala ndi chivundikiro cha udzu. Makwerero amodzi anaika kunja, ena mkati. Atatsiriza anaitana Nangondo kuti atute katundu alowe.

Nangondo anazungulira nyumbayo kamodzi, manja kumbuyo, n'kuima patsinde pa makwerero.

"Abambo ake a Tiyese, zolowera pamwamba ndi chimanga. Ine amayi anga sanandibereke kuti ndikasungidwe m'nkhokwe."

Msokera anamufotokozera kuti nyumbayi ndi yopulumutsa moyo, koma Nangondo anati moyo wake aupulumutsira m'nyumba yakale momwemo, momwe munthu amalowa ali chiimire. Chakudya anati azimuikira patsinde pa makwerero. Mlamu wa Msokera, Kalilangwe, mchimwene wa Nangondo, anabwera kudzamukhazika pansi, namufunsa kuti nanga moto ukabuka, nanga akadwala, atuluka bwanji. Sanamalize funso lachiwiri.

Choncho Msokera anayamba kukhala m'nyumba yake yekha. Mkati munali mdima ndi chifundizi, ndipo kukwera ndi kutsika kangapo patsiku kunamupweteketsa msana, koma sanauze munthu. Tsiku lililonse akatulutsa mutu padenga ankayang'ana kumwamba. Mitengo inaphuka masamba ofiira, nyenje zinayamba kulira, mitambo inayamba kusonkhana kummawa. Mvula inali pafupi, ndipo iye anali akadali moyo. Anatuma uthenga kwa a Chiphiko woti mvula yoyamba ikagwa abwere adzamwe mowa wachikondwerero, ndipo abweretse maula awo kuti ana adzasewerere.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, atadya bwino, analowa kuti agoneko. Kutentha kunali kosaneneka, choncho chivundikiro chija anachisiya chotsekula. Anadzidzimuka ndi phokoso ngati la mphepo yakutali. Atayang'ana kumwamba anaona kuwala kwa pakabowo kukuchepa. Linali dzombe? Ayi, zinali njuchi, chigulu chonse, zosamuka kufuna malo atsopano, ndipo zinapeza malo amthunzi, ouma, omangidwa bwino ndi mmisiri wodziwa. Zinaunjikana pamzati ndi pamakwerero mpaka kabowo konse kanatsekeka.

Anayesa kukwera masitepe awiri. Zitatu zinamulonjera pamlomo, imodzi pachikope, ndipo anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera. Kubuula kwake kunamveka kunja. Nangondo anathamangira kukaitana Kalilangwe, madoda a pabawo anasiya masewero pakati, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unali utazungulira nyumbayo. Kalilangwe anaika pakamwa pakhoma.

"Alamu, khalani pansi phee, mudzifunde nsalu. Ndatuma kale kwa wodziwa kufula njuchi, akubwera. Koma chinthu chimodzi chokha musayerekeze, musa..."

"Ndadziwa kale," anatero mawu a mkati. "Njuchi zimathawa utsi. Zimenezo ndi za ana."

Kalilangwe anamenya khoma ndi chikhatho, akufuula kuti zimenezo ndi zomwe amati asachite, koma khomalo linali lomata kawiri ndipo mwini wake anali atasiya kumvera. Msokera anafukula khala lomwe ankasunga loyatsira fodya wake, anang'amba mphasa, anathirapo tsabola wouma amene Nangondo anamupatsa kuti apachike mmenemo kuthawa nkhuku, n'kuuzira. Utsi unakwera bwino lomwe. Utafika padenga unapeza njuchi zatseka njira, ndipo poti nyumbayo inalibe khomo, inalibe zenera, inalibe ndi kamng'alu komwe, utsiwo unabwerera kwa mwini wake.

Kunja anamva kutsokomola, kenaka kuyetsemula, kenaka kutsokomola kwina kofooka. Kenaka zii.

Nangondo sanadikire kuti amuna akambirane. Anatola khasu n'kuyamba kugumula khoma chapansi. Ena anabweretsa nkhwangwa kudzadula nsichi, ndipo anatuluka thukuta akutukwana ubwino wa ntchito ya Msokera, chifukwa nsichi iliyonse inkakana ngati ili ndi mizu. Atabowola mpata wokwana mbuzi, utsi unatuluka wotsokomoletsa mudzi wonse. Kalilangwe anagwada, anapisa mkono mumdimamo, n'kugwira chinthu choyamba chimene anachipeza. Chinali chidendene. Anakoka yekha osatheka, pakuti Msokera anali munthu wathupi. Anabwera wachiwiri kugwira mwendo winawo, wachitatu ndi wachinayi anagwira m'mawondo, ndipo anamusolola ngati chinangwa m'nthaka youma.

Anamugoneka pansi pa mkuyu n'kumuthira madzi mtsuko wonse. Patapita nthawi diso limodzi linatsekuka, linalo linali litatupa ngati papaya. Anayang'ana mapazi ake. Anayang'ana amuna amene anaima pambali akupuma mwawefuwefu, n'kuwawerenga ndi diso limodzilo. Analipo anayi. Anayang'ana kumwamba, mitambo ili bii, koma dontho linali lisanagwe. Anafunsa motsitsa mawu ngati wafa.

"Simunafe," anatero Nangondo, akufinya nsalu yake. "Akufa sanunkha tsabola."

Madoda aja anayamba kutsutsana pomwepo, ena akuti maula sanama, ena akuti maula sanamange nyumba, sanayatsenso moto. Mkanganowo sunathe mpaka lero. Kalilangwe, amene anali ndi mtima wabwino, anagwada pafupi ndi mlamu wake kuti amutonthoze. Anamuuza kuti nyumbayo sinawonongeke, ndipo bowo lija atangolikuza pang'ono, n'kuikapo mitengo iwiri mbali ndi mbali ndi wina pamwamba, ndiye kuti...

Milomo ya Msokera inali itatupa ngati mabanzi awiri, moti mawu ankachita kufinyika potuluka. Komabe anayesetsa, ndipo onse amene anali pansi pa mkuyu anamva.

"Ndadziwa kale."

N'chifukwa chake mpaka lero, munthu akamadula mnzake pakamwa asanamve mathero a mawu, akuluakulu amangoyang'anana n'kunena kuti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."